Masipirinkala otumphuka a pa kapinga: mitu ili bwino, zolumikizira ndiye ayi

M'mashopu a hadiweya pa Kasungu boma mumapezeka masipirinkala apulasitiki okwirira pansi, aja amatumphuka madzi akatsegulidwa. Amagulitsidwa pamodzi ndi paipi yakuda ya mamilimita 20 kapena 25 ndi tizolumikizira tolowetsa m'kati mwa paipiyo. Mitu yake imawaza bwino ndipo imakhalitsa. Tizolumikizirato ndiye n'tosalimba, ndipo madandaulo ambiri akuti "zikudontha" amachokera pamenepo.

Musathamangire kukumba. Ngati muli pa madzi a Central Region Water Board, tsekani mipopi yonse, werengani mita, dikirani mphindi 30 n'kuwerenganso. Ikayenda, mwina paipi yobweretsa madzi yabooka, kapena vavu ya ku kapinga sikutsekeka bwino. Mapaipi opita ku mitu amadontha pothirira pokha, choncho mita siingakuuzeni za iwo. Ndipo dothi lamchenga la kuno limamwa madzi msanga, chithaphwi sichioneka. Yang'anani malo amene kapinga wabiriwira kuposa pena mu Okutobala, kapena mutu umene ukuwaza mofooka pamene anzake ali bwino. Kumbani pafupi ndi mutuwo, mbali imene madzi amachokera, ndi manja kapena kakhasu, pang'onopang'ono.

Mukapeza podonthapo, chonde musamange ndi mphira ya chubu cha njinga. Imagwira masiku ochepa, kenako mukumbanso. Dulani mbali yowonongekayo mowongoka, chotsani tizinyalala m'mphepete, ndipo ikani cholumikizira chopotokola chija chokhala ndi labala yozungulira m'kati. Paipi ilowe mpaka ipitirire labalayo. Mangani ndi manja, sipanala ingomalizitsa pang'ono. N'chokwererapo mtengo, koma ndi chimene chimayenera kukhala mu setiyi poyamba pomwe.

Pamazinga pamene mutu umalowa, kulungani tepi yoyera ya apulambala kanayi kapena kasanu, motsatira mbali imene mumangira. Kumanga mopitirira kumang'amba pulasitiki, ndipo mng'alu wake suoneka mpaka madzi atalowa.

Pali kudontha kwina kumene si chizindikiro cha kuwonongeka. Mutu umene uli kumunsi kwa malo umapitiriza kutulutsa madzi mukatseka, chifukwa madzi otsala m'paipi amatsetserekera komweko. Amaleka okha. Ngati pakuchita matope, gulani mutu wokhala ndi kavavu koletsa madzi m'kati. Koma madzi akamachucha m'khosi mwa mutu pothirira, mwina mchenga walowa pa labala yotseka. Masulani chivindikiro, tsukani labalayo ndi kasefa kam'kati, bwezerani. A madzi a pachitsime chokhala ndi pampu aike sefa ya 120 mesh (muyeso wa kuchepa kwa timabowo ta sefa) paipi isanagawikane, apo ayi ntchito yotsukayi siidzatha.

Chimene ogulitsa ambiri satchula ndi mphamvu ya madzi. Mitu imeneyi imafuna pafupifupi mabaa 2 (baa ndi muyeso wa mphamvu ya madzi). Mamita 10 a kutalika kwa thanki amapereka baa imodzi yokha, ndiye thanki ya pa nsanja ya mamita 5 ikupatsani theka la baa. Mutu sukwera mokwanira, labala siitseka, madzi amangobwibwitika m'mbali, mwini n'kumati wagula zabodza. Popanda pampu yowonjezera mphamvu, setiyi musaigule. Sipirinkala wamba yolumikiza ku hosi ikuthandizani bwino. Mitu ikachuluka pa paipi imodzi vuto limakhala lomweli, choncho gawani mizere iwiri, uliwonse ndi vavu yake, muzithirira mosinthana.

Kwa amene ali ndi pampu, gulani mituyo ndi paipi, tizolumikizira tolowetsa tija musiye m'shopu. Paipi ikwiriridwe masentimita 25 mpaka 30, ndipo nsonga ya mutu ifanane ndi dothi, kuti wotchetcha kapinga asaidule ndi chikwakwa.