Pre-Update Check ya Joomla 3.10: ndi yothandiza, koma osaidalira kwathunthu

Joomla ndi pulogalamu yopangira ndi kuyendetsera mawebusaiti. Wofuna kuchoka pa Joomla 3 kupita pa 4 ayenera kudutsa kaye pa 3.10, yomwe inatuluka limodzi ndi Joomla 4 mu Ogasiti 2021. M'menemo muli chida chotchedwa Pre-Update Check, chomwe chimaona ngati webusaiti yanu ili yokonzeka kupita pa Joomla 4. Pa za seva chimagwira bwino ntchito: chimakuuzani msanga ngati PHP yanu (chinenero cha khodi chomwe Joomla imayendera) ili pansi pa 7.2.5.

Pa ma extension (mapulogalamu owonjezera pa Joomla) m'pamene chimafooka. Sichiyesa khodi ayi, chimangowerenga zimene wopanga analemba pa update server yake (pomwe amalengezera za extension yakeyo). Wopangayo akasiya kuisamalira, chidachi chimangoti palibe chidziwitso, ndipo ambiri amangopitirira. Apa m'pamene pali ngozi. Plugin (mtundu wa extension) ya mtundu wa system imadzuka pa tsamba lililonse, ngakhale la administrator, ndiye ikagwa mumatsekeredwa kunja n'kumangoona error 500. Zimitsani ma plugin oterewa musanadine batani la update.

Template (yomwe imapereka maonekedwe a webusaiti) nayo ndi mutu wina, chifukwa Protostar ndi Beez3, ma template obwera ndi Joomla 3, zimachotsedwa, ndipo Bootstrap 2, khodi yokonzera maonekedwe a masamba, yalowedwa m'malo ndi 5.

Tengani backup ndi extension ya Akeeba, yesani kaye pa kope la webusaitiyo, ndipo mu zokonda za Joomla ikani Error Reporting (kuonetsa zolakwika) pa Maximum kuti fayilo yolakwayo ioneke dzina.