Miyezi 8 pfSense ikulondera PostgreSQL yathu

Papita miyezi 8 chiikireni pfSense, pulogalamu ya firewall yolondera zolowa ndi zotuluka pa netiweki, pa kakompyuta ka ma port anayi olowetsamo zingwe. Cholinga changa chinali chimodzi: seva ya pulogalamu yathu yokha ndiyo izifika pa PostgreSQL, database yathu yosungira deta, kudzera pa port 5432 (nambala ya khomo lomwe imamvetserapo), ena onse azibwerera pakhomo. Kamakinako sikanazimepo kokha, ndipo m'munsi mwake muli operating system ya FreeBSD, choncho za kulimba ndilibe dandaulo. Nkhani yanga yagona pa kuyesa.

Sabata yoyamba ndinalemba malamulo a firewall, ndinawawerenga kawiri, mtima n'kukhala m'malo. Nditayendetsa nmap, pulogalamu yofufuza ma port otseguka, pa laputopu ya mu ofesi, port 5432 inaoneka yotseguka. Mutu unandizungulira. Chifukwa chake chinali choti database ndi malaputopu zinali pa subnet imodzi (chigawo chimodzi cha netiweki), ndiye zinkalankhulana kudzera pa switch, firewall osaona kanthu. Mlonda anali pageti, anthu akudutsana m'nyumba. Ndinasamutsira database pa VLAN yakeyake (netiweki yopatulidwa payokha), apo ndiye malamulo anayamba kuluma.

Vuto lachiwiri linandipeza patapita miyezi iwiri. Ndinachotsa lamulo lomwe linkalola kompyuta ina yakale, koma iyo inapitiriza kufunsa database ngati palibe chachitika. pfSense imasunga mndandanda wa malumikizidwe omwe inawalola kale, ndipo lamulo latsopano limagwira olowa kumene okha. Kulumikizana kwa TCP kongokhala chete kumatha kukhalamo mpaka maola 24. Tsopano ndikasintha lamulo ndimapita pa Diagnostics, pa States, n'kuchotsa za kompyutayo ndisanayese.

Chomwe chandipulumutsa kwambiri ndi kumvetsera mmene kulumikizana kwakanikira. psql, pulogalamu yolumikizirana ndi PostgreSQL, ikangokhala duu mpaka nthawi itatha, kawirikawiri ndi lamulo la Block, lomwe limataya paketi osayankha, ndipo nmap imalemba kuti filtered. Ikakanidwa nthawi yomweyo, paketi yafika koma palibe akumvetsera. Apo ndimayang'ana listen_addresses mu fayilo ya makonzedwe ya postgresql.conf, yomwe poyamba imakhala pa localhost basi (kumvetsera kompyuta yomweyo yokha), ndipo ukaisintha uyenera kuyambitsanso seva. Uthenga ukatchula pg_hba.conf, fayilo yomwe PostgreSQL imaonera amene aloledwa kulowa, firewall ilibe mlandu: wafika kwa mwini nyumba, iye ndiye wakukana. Kale ndinkathera masana onse pa malamulo pomwe vuto linali mzere umodzi wa fayiloyi.

Apa pali msampha umodzi. Lamulo la Reject limabweza RST, paketi yokana kulumikizana, ndiye limaoneka ngati port yotseka chabe. Ena amalikonda m'kati mwa netiweki chifukwa pulogalamu siidikira. Ine pa VLAN ya database ndinasankha Block kuti zizindikiro zitatuzi zisasokonezane.

Malamulo amawerengedwa kuchokera pamwamba, loyamba kugwirizana ndilo limagamula, komanso amalembedwa pa interface (khomo la firewall) yomwe paketi ikulowera. Izi zimazolowereka msanga. Ma alias, mayina oimira ma adilesi m'malamulo, nawo ndi abwino: adilesi ya seva ikasintha, ndimakonza malo amodzi.

Tsamba la ma log limandichepera ndikamafufuza za masiku apitawo, ndiye ndimawatumiza ku seva ina ya syslog, yosungira ma log. Packet Capture yokha sindingaisiye, chifukwa imandionetsa ngati SYN, paketi yoyambitsa kulumikizana, yafika n'komwe.

Mwezi uliwonse ndimayesa kuchokera mbali zitatu: pa seva ya pulogalamu, pa laputopu ya mu ofesi, ndi kunja pa intaneti. Yoyamba yokha ndiyo iyenera kuona 5432 yotseguka. Mwezi wamawa tikuwonjezera database ina ya MySQL, ndipo port yake 3306 idutsa mayeso omwewa isanalandire deta iliyonse.