Galu ali bwinobwino koma akukana kudya: kumusinthira, kumuthirira kamsuzi kapena kumuchotsera mbale?

Nkhani ya galu wonyanyala chakudya ikangoyambika pakati pa ife oweta agalu muno mu Lilongwe mayankho ake amakhala omwewomwewo, wina akuti musinthireni mtundu wa mapeleti, wina akuti thiranipo kamsuzi, wina akuti musiyeni njala imulange, wina wafika kale pa mankhwala. Njira zimenezi sizofanana mphamvu ndipo zina zimangoonjezera matama a galuyo, nde tiyeni tiziike pamodzi tione.

Koma poyamba titsimikize kuti tikukamba za galu wabwinobwino. Akusewera, akuuwa pageti, akumwa madzi, chimbudzi chake chili cholimba, sakusanza, mukamupatsa kanyama akulandira mothamanga koma mbale yake akungoinunkhiza n'kuchokapo. Ameneyo ndi wosankha. Tukulani mlomo muone nkhama, zikhale zofiirira, zikayera kapena kuoneka zachikasu ganizani za matenda a nkhupakupa, omwe nthawi ya dzinja amavuta kwambiri kuno ndipo chizindikiro chake choyamba nthawi zambiri ndi kusiya kudya komweko. Dzino lothyoka kapena kafupa kokakamira kumwamba kwa kamwa nakonso kamachititsa galu kufika pambale n'kubwerera. Ndipo galu amene sanabayidwe katemera wa chiwewe, wasintha khalidwe mwadzidzidzi, akutuluka dovu, musayerekeze kumupisa dzanja m'kamwa, mutsekereni muitane a vetenale. Tiana ta agalu sitili mu nkhaniyi ayi, kagalu ka miyezi iwiri kapena itatu kakakana chakudya tsiku lathunthu ndi nkhani ya kuchipatala, shuga amatsika msanga m'thupi mwake komanso matenda oopsa a m'mimba otchedwa parvo amayamba choncho.

Njira yomwe ambiri timathamangira ndi kusintha chakudya. Wakana Bobtail, tiyeni Pedigree, wakananso, tiyeni zam'chitini. Tsiku loyamba amadya ndithu moti mumaona ngati mwapeza yankho, kenako pakatha masiku angapo wayambanso kunyanyala, chifukwa chomwe waphunzira n'chakuti ndikakana pamabwera chatsopano. Galu pa zimenezi sachedwa kugwira. Kuonjezera apo mimba yake sikonda kusinthidwa mwadzidzidzi, amatsekula, inu mumati chakudyachi sichikumuyanja n'kukagulanso china. Mtengo wake nawo usanene, mapeleti ambiri m'mashopu a ku Gateway Mall ndi ku Old Town amachokera kunja, makamaka ku South Africa, ndipo chigwereni kwacha ndi 44% mu November 2023 thumba lililonse lomwe galu wanunkhiza n'kusiya limapweteka m'thumba mwanu. Kusintha kuli ndi malo ake amodzi basi, pamene chakudyacho chaonongeka. Thumba lotsegula lokhala mu sitolo yotentha miyezi iwiri mafuta ake amasasa, ife sitimva koma iye amamva, ndiye apa galu akunena zoona. Madeya achuku ndiye oopsa zedi, poizoni wa chuku amaononga chiwindi cha galu ndipo kuphika sikumuchotsa. Mukati musinthe sinthani kamodzi, mosakaniza chakale ndi chatsopano pang'onopang'ono kwa sabata imodzi, mukatero mukhazikike pomwepo.

Pomwepa pali mkangano wina wa mapeleti ndi zophika pakhomo. Kwa galu wosankha zophika zimapambana pa fungo, phala la madeya kapena mgaiwa lothira bonya kapena usipa, kadzungu kapena nkhwani, likadali lofunda ndi agalu ochepa amalikana, komanso bonya wa pamsika wa ku Area 25 kaya ku Kawale mtengo wake sungafanane ndi thumba la kushopu. Vuto lake ndi loti ambiri amathira bonya wongonunkhiritsa, galu n'kumakhala pa madeya okhaokha, ubweya kuthothoka, ndipo wochenjera amatola tinsomba n'kusiya phala. Sinjani bonyayo kapena muphikireni limodzi kuti asathe kusankha. Mapeleti ubwino wake ndi woti zofunika m'thupi anaziyeza kale, sasasa magetsi akazima, ndipo mumadziwa kuti wadya makapu angati. Ine pa ziwirizi sindiumirira mbali, chachikulu ndi kusankha chimodzi chomwe mungakwanitse mwezi ndi mwezi, osati mapeleti pa malipiro, madeya pakati pa mwezi, chifukwa kumeneko ndi kusinthasintha komwe kuja.

Kuthira kamsuzi ndi njira yapakatikati ndipo ndimaiona kuti ndi yabwinoko kusiyana ndi kusintha. Galu amadya ndi mphuno kuposa lilime, ndiye kungothira madzi ofunda pa mapeleti n'kudikira mphindi zisanu fungo limakwera ndipo ena amadya pomwepo osaonjezera kalikonse. Msuzi wa mafupa owiritsa, dzira lophika lophwanyira, supuni ya usipa wosinja, zonsezi zimagwira. Koma pali zinthu ziwiri. Choyamba msuzi wa ndiwo zathu si umenewo, muli anyezi, adyo, mchere wambiri ndi mafuta, ndipo anyezi ndi adyo amaononga magazi a galu, kaya ndi osaphika kaya ophika, pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku zimaunjikana. Wiritsani wakewake wopanda kanthu. Mafupa a nkhuku ophika nawonso ayi, amathetheka n'kubaya m'matumbo. Chachiwiri ndi nthawi yothirira, apa ndi pomwe anthu ambiri amaphonya. Mukaika mbale youma, galu wakana, inu n'kuitenga kukathira msuzi n'kubwera nayo, mwamulipira chifukwa chokana. Thirani musanaike pansi, chimodzimodzi tsiku lililonse, asaone kuti pali apilo. Ndipo dziwani kuti mukayamba mwalowa pangano, tsiku lomwe msuzi kulibe akuyang'anani.

Kusiya mbale panja tsiku lonse kuti adya akafuna, iyi sindichedwapo. Phala limasasa dzuwa likakwera, nyerere ndi ntchentche zimadzaza, akhwangwala ndi makoswe amathandizira, madzulo mupeza mbale yapungulidwa osadziwa kuti wadya ndani. Galu amene chakudya chili pamaso pake nthawi zonse samva njala yeniyeni, amangotola pang'ono pang'ono, ndipo tsiku lomwe wadwaladi simudziwa msanga.

Kudyetsa pamanja kuli ndi ntchito yake kwa galu amene wangobwera kumene pakhomo ndipo ali ndi mantha, kapena mukamamuphunzitsa kukhala pansi ndi kubwera mukamuitana n'kumamupatsa mapeleti ake omwewo ngati mphotho, zimenezo ndi zabwino zedi. Koma kumuthamangira ndi mbale kuseri kwa nyumba uku mukumunyengerera ngati mwana wokana phala, aaa ayi, tiagalu taubweya ta m'nyumba tija timakonda sewero limeneli kuposa chakudyacho, ndipo tsiku lomwe mwapita kumudzi ku maliro wotsala pakhomo sangakwanitse.

Tsopano njira yomwe ine ndimaikira kumbuyo, kuika mbale ndi kuichotsa pa nthawi. Kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, nthawi yomweyomweyo, malo omwewo opanda phokoso. Ikani mbale, chokanipo, osaima pamenepo kumuyang'anira kapena kumulankhula. Pakatha mphindi 15 kapena 20 bwerani mutenge mbale, wadya kaya sanadye, osakalipa osadandaula. Mpaka nthawi ina ya chakudya palibe cholowa m'kamwa kupatula madzi, madziwo akhalepo nthawi zonse. Galu wamkulu wathanzi kudumpha chakudya kawiri katatu sikumupweteka, ndipo ambiri pofika tsiku lachiwiri kapena lachitatu amakhala ayamba kudya. Siidya ndalama, siisokoneza mimba, ndipo imakuuzani zoona, chifukwa galu amene wakanabe ngakhale njala yamugwira ndiye kuti pali china.

Koma njirayi imagwa pa chinthu chimodzi, anthu a pakhomo. Inu mwagwira mtima mwachotsa mbale, mwapita ku ntchito ku City Centre, kumbuyo kuno mwana wamuponyera chigumu, antchito amukhuthulira mkute ndi zotsala za m'mapoto poti amumvera chisoni, agogo akuti mukuzunza chiweto. Usiku alonda akudya nsima yawo pageti cha m'ma 11 ndipo galu ali pambali pawo, mnzawo wa usiku wonse, angamumane bwanji. Kukacha inu mukuti galu wanga watha masiku atatu osadya koma sakuonda, n'zoona sakuonda chifukwa akudya, kungoti sakudya kwa inu. Onjezerani dzala la zinyalala kuseri, mpanda wobooka wopita kwa aneba, ndi nyengo ya ngumbi pomwe agalu amakhuta pansi pa babu la pakhonde. Ndiye musanayambe khalitsani pansi nyumba yonse, alonda ndi antchito omwe, ndipo njira yosavuta ndi yoti amene akufuna kumupatsa kanthu aziika mu kontena imodzi, zoyenera zilowe m'mbale pa nthawi yake. Tokoma ta pambali ngati tilipo tisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a zomwe amadya pa tsiku. Popanda kugwirizana kumeneku njira iyi ndi yongodzivutitsa, bola ya msuzi ija.

Palinso agalu ena amene sakusankha n'komwe, akungokhuta. Timayeza mbale ndi maso a munthu, kagalu ka makilo 4 kapena 5 tikukapatsa mulu woyenera German Shepherd, kakadya theka tikuti kanyanyala. Papasani m'mbali, nthiti zizimveka mosavuta ndi zala koma zisamaonekere patali, ndipo mukamuyang'ana kuchokera pamwamba chiuno chizioneka. Ngati zili choncho ndipo sikelo sikutsika, galuyo akudya zomukwanira, chepetsani muyezo muone mbale ikuyera. Sikelo ya kubafa imakwana, dziyezeni mutamunyamula kenako nokha, muchotsere. Galu wotsekeredwa mu khola usana wonse osathamanga nayenso njala aitenga kuti, kumuyendetsa theka la ola madzulo musanamupatse chakudya kumathandiza kuposa msuzi uliwonse. Kutentha kwa October ndi November kumachepetsa kadyedwe, m'patseni m'mamawa kwambiri ndi dzuwa litalowa. Ndipo galu wamphongo akamva fungo la wamkazi amene ali pa nyengo mdera lanu amatha kusiya kudya masiku angapo, kumangolira ndi kukanda geti, apo vuto si mbale ndipo ngati simukufuna kubereketsa kambiranani ndi a vetenale za kumufula, a LSPCA, bungwe losamalira zinyama la muno mu Lilongwe, amachita zimenezi komanso katemera.

Za mankhwala ndinene mwachidule. Mankhwala a njoka zam'mimba miyezi itatu iliyonse ndi oteteza ku nkhupakupa, amenewo inde, ndi chisamaliro cha nthawi zonse. Koma mapilisi a anthu oonjezera chilakolako cha chakudya, aja ena amamwa kuti anenepe, kumupatsa galu mwa inu nokha ndi kubisa chizindikiro chomwe dokotala akanafuna kuchiona. Panado ndi Brufen ndiye musayese, Brufen amaononga impso ndi chifu cha galu. Kumukanula kukamwa n'kumuthira phala nakonso ayi, likalowera ku mapapo mwayambitsa matenda pa galu amene anali bwino. Zija zomuthirira tsabola kapena chamba kuti aluse, kupatula kuti ndi nkhanza, ndi njira yachangu yomudanitsa ndi mbale yake.

Ndiye ngati mukufunsa kuti ndiyambire pati, ine ndingati onani kaye ngati chakudya sichinaonongeke, chepetsani muyezo, thirani madzi ofunda musanaike pansi, kenako mphindi 20 n'kuchotsa, zonsezi limodzi. Malire ake ndi maola 48, galu wamkulu akafika pamenepo osalawa kanthu ndipo mwatsimikiza kuti palibe akumudyetsa kumbali, kapena asanafike n'komwe wayamba kufooka, kusanza, kusiya madzi, siyani zoyesa mupite naye. Galu wokalamba, wa bere, woyamwitsa kapena wa matenda a shuga musamuike pa njira imeneyi musanafunse dokotala. Ndipo ngati muli ndi agalu awiri kapena atatu muziwapatsa motalikirana, wina kuseri wina kukhonde, nthawi zina uja timamuti wamatama amangoopa mnzake wamkulu amene amamuyang'ana ndi diso loipa akayandikira mbale.