Miyezi 9 galu wanga akudya chakudya cha hydrolysed

Papita miyezi 9 chiyambireni kumupatsa galu wanga chakudya cha hydrolysed, ndiye pano ndikhoza kunena zimene ndaona ndi maso. Kale ankatsegula m'mimba pafupifupi sabata iliyonse. Usiku m'mimba mwake munkalira, kukacha n'kusanza thovu lachikasu. Ine ndinkangogula thumba ili lero, mawa lina, bola palembedwe kuti ndi la agalu ovutika m'mimba. Kusinthasinthako kunkangowonjezera vuto.

Dokotala wa ziweto anayamba wayeza chimbudzi chake kuti aone ngati muli njoka za m'mimba kapena tizilombo totsegula m'mimba totchedwa Giardia. Sanapeze kanthu. Ndi pomwe anandiuza za chakudya ichi cha hydrolysed. Mapuloteni ake amakhala atawaphwanya kukhala tizidutswa tating'onoting'ono, moti chitetezo cha m'thupi sichiwaona ngati mdani. Lamulo linali limodzi: masabata 8, galu asalawe china chilichonse kupatula chakudyachi ndi madzi. Tinasintha pang'onopang'ono kwa masiku 7, chatsopano chikuchuluka, chakale chikuchepa. Pofika sabata yachiwiri chimbudzi chinali chitalimba.

Sabata yachisanu anatsegulanso, ndipo ine ndinafulumira kunena kuti chakudyachi n'chabodza ngati zinzake zija. Ayi ndithu. Mwana wanga wamng'ono ankamuponyera khungu la nkhuku kunsi kwa tebulo, akuti ankamumvera chisoni. Tinayambiranso kuwerenga masabata aja. Dokotala anatisinthiranso piritsi lotafuna la utitiri, chifukwa ambiri mwa mapiritsi amenewa amawathira zokometsera za nyama. Zimenezo sindikanaziganiza ndekha.

Chimene chinandithandiza kwambiri ndi kuyesa komwe tinachita masabata 8 atatha. Tinkabwezeretsa chinthu chimodzi chimodzi. Tirigu, palibe chinachitika. Mazira, chimodzimodzi. Nkhuku, pasanathe masiku awiri m'mimba munayambanso kulira. Zaka zonsezi ndinkada tirigu, mpaka ndinkalipira chakudya cha grain-free (chopanda mbewu monga tirigu ndi chimanga) chomwe, nditawerenga bwino kumbuyo kwa thumba, chinali chodzaza nkhuku! Kwa agalu omwe thupi limakana chakudya, chimene chimavuta kawirikawiri ndi nyama ya ng'ombe, mkaka ndi nkhuku. Ndipo grain-free ili ndi nkhani yakeyake: mu 2018 bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, linayamba kufufuza ngati zakudya zotere, zochuluka mbewu za mtundu wa nyemba monga peas ndi lentils, zikugwirizana ndi matenda a mtima otchedwa DCM. Silinatsimikize kuti ndizo zimayambitsa, koma ine sindinabwerereko.

Zovuta zilipo. Masiku oyamba ankangonunkhiza n'kuchoka, mpaka nditayamba kuthirako timadzi tofunda. Tizakudya tomunyengerera pomuphunzitsa tinatha, pano ndimangotapa m'mbale yake yomweyo n'kuika m'thumba la malaya. Alendo ndiye ndimawauza asanakhale n'komwe pansi, ena amandiona ngati wankhanza.

M'miyezi 6 yapitayi watsegula m'mimba kamodzi kokha, tsiku lomwe anagwetsa bini n'kudya mafuta otsala a nyama. Tsiku limenelo ndinathamanga naye kwa dokotala, poti mafuta ochuluka chonchi amatha kutupitsa kapamba. Anapulumuka. Ubweya wasalala, wanenepako, ndipo ndimamupatsa katatu pa tsiku pang'onopang'ono, zomwe zinathetsa kusanza kwa m'mawa kuja. Mwezi wamawa tagwirizana ndi dokotala kuyesa chakudya cha nsomba chopanda nkhuku, ndipo thumba lina la hydrolysed ndalisunga m'kabati.