Chotenthetsera ndi chabwino, koma malangizo a wogulitsa anawotcha nsato yanga

Ndapereka nyenyezi zitatu, ngakhale mtima ukadali kuwawa. Ndinagula paketi ija amaitsatsa kuti ndi ya nsato, yokhala ndi babu la ceramic (ladothi lowotcha) la mawati 100 lotenthetsera bokosi la njoka, chogwirira chake ndi thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha. Mtengo wake si wamasewera. Njoka yanga ndi carpet python ya mtundu wa jungle, yaikazi, yakuda ndi mawanga achikasu, ndipo inapitirira kale mita ndi theka.

Ndisanalipire ndinafunsa ngati kakhola ka waya kophimbira babu kali momwemo. Mnyamata wogulitsayo, maso ali pafoni, anati, "Ayi bambo, kameneko n'kongotayirapo ndalama. Babuli siliwala, njoka siidziwa n'komwe kuti lilipo. Ingolimangirirani kudenga la bokosi." Ndinamuuza kuti njoka imeneyi ndi yokwera, kwawo ku Australia imakhala m'mitengo, si yokonda kubisala pansi ngati nsato ina ija yotchedwa ball python. Anangoseka n'kunena kuti wagulitsa ambiri ndipo palibe amene anabwera kudzadandaula.

Munthu wogulitsa zinthu za njoka angalankhule bwanji zimenezo? Nsato zimenezi zili ndi timaenje m'mbali mwa milomo tomwe timamva kutentha ngakhale mumdima wa ndiweyani. Kuwala sizikufuna. Usiku ndi pomwe zimayendayenda, kukwera chilichonse chimene zingachizinge, ndipo chinthu chofunda kwambiri m'bokosi monsemo ndi babulo. Pamwamba pa ceramic pamatentha kupitirira madigiri 200 Celsius. Choopsa china n'chakuti njoka sifulumira kuchoka ikayamba kupsa, imakhalabe pomwepo mpaka khungu litawonongeka.

M'mawa wina ndinaipeza itadzipinda m'mbale yamadzi, chinthu chomwe sichita kawirikawiri. Nditainyamula ndinaona kuti mamba a m'mbali, chapakati pa thupi, asanduka ofiirira ndipo akwinyika ngati pulasitiki yoyandikira moto. Pansi pake panali matuza awiri odzaza madzi. Nditayang'ana kudenga, fumbi lonse la pachogwirira babu linali litapukutika mozungulira, kusonyeza pamene inazinga thupi lake. Manja anga ankanjenjemera poiika m'kachikwama kupita nayo kwa dokotala wa ziweto. Adokotala anatsuka balalo, anapaka mankhwala a silver sulfadiazine, n'kundiuza kuti ndichotse makungwa onse a pansi pa bokosi ndiyale mapepala oyera kuti dothi lisalowe pachilonda. Anati bala lotere limapola pang'onopang'ono, njoka ifundule kangapo kaye, ndipo chipsera chimatsalabe. Kwa nthawi yaitali inkakana chakudya, khoswe ndikamuyandikitsa inkangotembenuza mutu.

Nditabwerera kusitolo kukawafotokozera, mnyamata yemweyo anati vuto ndi ine, sindinatchere bwino thermostat. Apa ndi pomwe ndinapsa mtima zenizeni. Thermostat imayeza mpweya pamalo pomwe pali kansonga ka waya wake, siyeza khungu la babu. Panthambi pakhoza kukhala madigiri 32 bwinobwino, babu lili lotentha moti lingakusupule chala. Zimenezi wogulitsa ayenera kuzidziwa asanayambe kulangiza anthu. Ndinapempha kuonana ndi bwana wake, akuti watuluka. Mawu oti pepani sanatuluke n'kamodzi komwe. Kenako, popanda manyazi, anatembenuka n'kutenga pashelefu kumbuyo kwake kakhola komwe kaja ananena kuti n'kosafunika, akuti ndigule pamtengo wonse. Ndinakagula kwina.

Tsopano chilungamo chake, katunduyo payekha ndilibe naye mlandu waukulu. Chiikireni kakholako, zonse zikuyenda bwino kuposa mmene ndinkaganizira. Thermostat yake ndi ya pulse, yomwe imatumiza magetsi pang'onopang'ono m'malo mongozima ndi kuyaka, choncho kutentha sikudumphadumpha. Panthambi yowotherapo pamakhala madigiri 32 mpaka 33 tsiku lonse, mbali yozizira ili pakati pa 24 ndi 26, ndipo njoka imasankha yokha kumene ikufuna. Ndimayeza ndi kamfuti ka infrared koyezera kutentha, manambala ake amagwirizana ndi a pathermostat. Usiku ndimatsitsako pang'ono. Chogwirira babu n'chadothi lowotcha, osati pulasitiki yomwe imasungunuka, ndipo apa anaganiza bwino. Popeza babulo siliwala, njoka imapeza mdima weniweni usiku. Itayambanso kudya sinasanzepo, zomwe zimandiuza kuti kutentha kukukwanira kugaya chakudya.

Zing'onozing'ono zilipo. Ceramic imaumitsa mpweya kwambiri, moti pofundula khungu lina linakanirira kumchira, ndinachita kuika mbale yaikulu yamadzi ndi kabokosi kobisalamo kokhala ndi ndere zonyowa. Waya wa kansonga koyezera ndi waufupi, ndipo kamphira komatira kamene anaikamo sikagwira. Nsato yolemera ikangodutsapo, kansongako kamagwera pansi pozizira, thermostat n'kumaganiza kuti m'bokosi mukuzizira, n'kutsegula moto wonse osasiya. Ine ndinakamangirira kunthambi ndi timalamba tapulasitiki tokoka. Musagwiritse selotepi m'kati mwa bokosi, ikamatuka imakanirira pamamba ndipo poichotsa imasupula khungu.

Amene mukufuna kugula, gulani, koma musalole kuti babu limeneli liyake m'bokosi la njoka yokwera lisanaphimbidwe, kaya wogulitsa anene zotani. Kakholako kakhale komangidwa ndi zomangira zachitsulo kudenga, osati kongokoleka, chifukwa nsato ili ndi mphamvu zokankha. Pakhale mpata pakati pa babu ndi waya wa kakholako kuti wayayo asatenthe kwambiri, ndipo mukayatsa muugwire ndi dzanja kaye musanabwezeremo njoka. Ngati yanu ikadali yaing'ono, onetsetsani kuti mabowo a wayayo ndi aang'ono moti mutu wake sungalowe.