Bokosi la power panel kapena zida zapazokha: woyamba kumene agule ziti?

Mukagula kandege kanu koyamba kophunzirira kouluka ndi rimoti, tinene ka mapiko a mita imodzi ndi theka kokhala ndi injini ya .46 monga O.S. 46AX, musaganize kuti thumba lapuma. Injini ya glow, yomwe imayatsa mafuta ndi pulagi ya kawaya kofiira ndi kutentha, siilira yokha. Pamafunika kuthira mafuta m'thanki, kuyatsa pulagi ndi kupukusa pulopela, ndipo pa ntchito zitatuzi ndi pomwe akatswiri a kubwalo amasiyana maganizo.

Ena amabwera ndi bokosi lathabwa, mkati muli batire la 12V 7Ah lolemera makilogalamu opitirira awiri, kumaso kwake kuli power panel, kabolodi kogawa magetsi a batirelo. Chilichonse chimayamwa pamenepo: pampu yamagetsi, sitata, ndi waya wopita ku pulagi, moto wake utachepetsedwa kufika pafupifupi 1.5V. Ena amangonyamula kachikwama: pampu yopukusa pamanja, glow driver, kachida kotenthetsera pulagi kokhala ndi kabatire kake ka 1.2V, ndi kamtengo kokutidwa ndi labala kogwejemulira pulopela, komwe amati chicken stick.

Pa pampu sindichedwapo. Thanki ya ndege yotereyi imalowa mamililita 250 kapena 300 basi, ndipo yamanja imadzaza mphindi isanathe. Mafutawo ndi methanol, yemwe akayaka masana lawi lake silioneka bwino, choncho mawaya ndi mabatire akamatalikirana ndi chigubu, mtima umakhala m'malo. Yamanja yapambana.

Pa pulagi, panel ili ndi ubwino umodzi womwe sindingaukane: kamita kake kamakuuzani msanga ngati kawaya ka m'pulagi kapsa. Koma glow driver zina zimabweranso ndi kamita, ndipo ngakhale palibe, mumangomasula pulagi, kuilumikiza, n'kuona ngati ikufiira ngati khala. Vuto la panel ndi chingwe chake, chomwe chimalendewera pafupi ndi pulopela yozungulira maulendo oposa 10,000 pamphindi, pamene munthu wachilendo maso ali pa zina. Glow driver mumaigwira kuchokera kumbuyo kwa pulopela, kuizula, kuiponya m'thumba. Injini ikalira siifunanso moto wakunja, chifukwa platinamu wa m'pulagimo amapitiriza kufiira akamakumana ndi nthunzi ya methanol. Ingokumbukirani kutchaja glow driver usiku wake.

Nkhani yeniyeni ili pa kuliza injini. Akamuna ena amanyadira kamtengo, amati injini yochunidwa bwino imalira ndi kugwejemula kuwiri, ndipo sanama. Koma ameneyo ndi munthu wodziwa kale kuchuluka kwa mafuta oti akoke asanayatse pulagi, wodziwa phokoso la injini yonyowa ndi youma. Inu simunafikepo. Injini yatsopano imakhala yothina pisitoni ikafika pamwamba, ndipo mafuta akachuluka imabweza. Amene anapukusapo chigayo cha dizilo akudziwa chomwe handulo imachita ikabwerera. Pulopela ya 11x6 ndi yakuthwa m'mbali, n'chifukwa chake chala sichilowa m'malo mwa kamtengo ngakhale tsiku limodzi. Ndipo palibe chofooketsa ngati kugwada padzuwa theka la ola, mphunzitsi akudikira, injini ili duu.

Choncho sitata gulani. Koma nayonso ili ndi msampha wake. Mafuta akadzadza mu silinda, pisitoni singawafinye, ndipo sitata siimva chisoni: imakankha mpaka kupinda kachitsulo kolumikiza pisitoni. Musanaigwiritse, pukusani pulopela pamanja, pulagi isanalumikizidwe. Mukamva yakakamira, masulani pulagi, tembenuzani ndege mafuta atuluke, kenako yambiraninso. Sitata yomangirira batire lake pansi, monga batire lopepuka la LiPo la maselo atatu, imakuchotserani chingwe chomaliza chija, ndiye bokosi lolemera lija mulinyamuliranji? Komanso batire limodzi la bokosilo likaphwa, zonse zitatu zimagona pamodzi. Zida zapazokha zikafa, imafa imodzi, ndipo mnzanu akhoza kukubwerekani.

Ine ndiye ndimasakaniza: pampu yamanja, glow driver, sitata ya batire lake, kamtengo kosungira tsiku loipa. Panel muiganizire mukadzakhala ndi ndege zingapo.

Ndalama yotsalayo ipite ku zinthu zomwe sizikopa maso m'sitolo. Choyamba ndi mafuta oteteza ku dzimbiri, othira mu injini mukamaliza kuuluka. Methanol amakoka chinyezi, ndipo wotsalira mkati amachititsa dzimbiri mabering'i. Poweruka popani mafuta onse m'thanki, chotsani payipi yopita ku kabuleta, lizani injini mpaka izime yokha, kenako donthezani madontho angapo a mafuta oteteza aja m'kabuleta n'kupukusa. Mafuta a ndege okhala ndi nsatsi amateteza zitsulo bwino, koma ndege ikakhala miyezi amauma ngati ulimbo, kabuleta n'kugwira. Utsi umasiyanso mafuta paphiko ndi pamchira; pukutani ndi mankhwala otsukira mawindo ndi kansanza asanalowe m'matabwa a balsa, chifukwa thabwa lomwa mafuta guluu saligwiranso.

M'kachikwamamo musasowe mapulagi awiri apadera, monga O.S. No. 8, pulopela ina, sipanala yamphanda zinayi yomasulira pulagi ndi nati ya pulopela, timalamba ta labala tatsopano tomangira phiko, ndi kamita koyezera batire la risiva, kachida ka m'ndege kolandira malamulo a rimoti. Payipi yamafuta ikhale ya silikoni, osati ya Tygon yomwe ndi ya injini za petulo. Kabowo kakang'ono ngati ka singano pa payipi imeneyi kamalowetsa mpweya, mafuta n'kuchepa, injini n'kuzima m'mwamba, inu n'kumapotoza needle valve yochunira mafuta, yomwe siinalakwe. Mukaona tithovu tikuyenda m'payipi injini ili kulira, izimitseni musinthe payipiyo musananyamuke.