Bokosi lokongola, chimbale wamba kapena intaneti: filimu yakale tiigule bwanji kuno ku Harare?

Anzanga a ku Mufakose ndi ku Mbare amene timakonda mafilimu akale, a makaubo ndi a karate a m'ma 1970, akhala akundifunsa ngati mabokosi aja amawatcha collector's edition ndi oyenera ndalama zake. Ine ndimati ayi, ndipo ndimanena ndili ndi mkwiyo, chifukwa limodzi ndili nalo pakhomo ndipo theka la zimene ndinalipirira sindinazionepo.

M'bokosimo mumakhala chimbale cha 4K (cha zithunzi zooneka bwino kwambiri), china cha Blu-ray (mtundu wa chimbale woposa DVD koma wosafika pa 4K) cha zowonjezera, kabuku, timapositikhadi ndi chithunzi chachikulu chopinda. Amapanga ochepa dala, n'kulemba manambala, kuti ugule mtima uli m'mwamba poopa kuti atha. Filimuyo ndi yomwe ija imene ikatha miyezi amadzaitulutsa m'kachikwama wamba pamtengo wotsika kwambiri. Ndalama yowonjezerayo ndi ya katoni ndi mapepala.

Munthu wa ku London kapena ku New York akalipira mtengo wolembedwa pa tsamba la intaneti la wogulitsa, nkhani yatha. Ife ndiye pamene imayambira. Makampani otumiza katundu sayang'ana kulemera kokha, amayezanso kukula kwa phukusi n'kulipiritsa chimene chakula pa ziwirizo. Bokosi lalikulu lofunika kukulungidwa bwino kuti ngodya zisaphwanyike limadya ndalama ngakhale likhale lopepuka. Likafika kuno, msonkho sauwerengera pamtengo wa katundu wokha. Amaphatikiza ndi ndalama yotumizira ija, VAT n'kudzabwera pamwamba. Ndiye kuti katoniyo umailipirira kusitolo, panjira ndi pakasitomu. Langa pofika m'manja linali litayandikira kuwirikiza mtengo umene ndinauona poyamba.

Koma chimene chinandiwawa kwambiri ndi maloko a zigawo, amene amaletsa chimbale cha dera lina kuoneka m'makina a dera lina. Zimbale za Blu-ray anazigawa patatu: A ndi ya ku America ndi maiko ena a ku Asia monga Japan, B ndi ya ku Ulaya, Africa yense ndi Australia, C ndi ya maiko ngati Russia, India ndi China. Ife tili mu B. Zimbale za 4K, zimene zinayamba kugulitsidwa mu 2016, nthawi zambiri zilibe loko, ndipo ogulitsa amalengeza zimenezi ndi zilembo zikuluzikulu. Chimene sanena mokweza n'chakuti chimbale chachiwiri chija ndi Blu-ray wamba, ndipo chochokera ku America kawirikawiri chimakhala chokhoma pa A.

Bokosi langa linali lotero. Filimu inaoneka bwinobwino. Nditaika chimbale cha zowonjezera, cha macheza ndi amene anajambula, mbali za filimu zimene anadula ndi mbiri ya mmene anaikonzeranso filimuyo, makina anangolemba kuti chimbalechi si cha dera lino. Zimenezo ndi zimene zinandikopa kuti ndisagule wamba! Nditadandaula, wogulitsa anayankha mwaulemu kuti chilembo A chilipo kuseri kwa bokosi, ndipo ngati ndikufuna kubweza ndilipire ndekha ulendo wake. Chilembocho n'chaching'ono ngati nyerere, ndipo pazithunzi zotsatsira kuseriko sanakuonetse. Kuti ndichionere chimbalecho ndiyenera kugula makina ena osasankha chigawo, amene kuno sapezeka wamba.

Blu-ray wamba ya ku UK ndiyo ndimaikonda, ndipo sindibisa. Ndi ya B, imalowa m'makina athu popanda mkangano, ndi yopyapyala moti m'bale amene akubwera kutchuthi angaike zingapo m'chikwama osadandaula. Pa TV ya kukula kwapakati, imene ambirife tili nayo, kusiyana kwake ndi 4K sikukwana kulungamitsa ndalama zonse zija. Zowonjezera zambiri zimakhalamonso. Chosowa ndi kabuku basi.

DVD ili ndi vuto lakelake: zigawo zake ndi za manambala, ndipo South Africa ili m'chigawo 2 limodzi ndi Ulaya, pamene Zimbabwe ndi Malawi zili mu 5. Mwayi wake, makina ambiri otchipa a m'tauni amawerenga chilichonse. Zogwiritsidwapo kale mukhoza kuzipeza pamsika wa Avondale ngati muli ndi nthawi yofufuza, koma tembenuzani chimbale muone mikwingwirima musanatulutse ndalama.

Za dola imodzi za m'misewu zija sindizilimbikitsa. Mawu amatsogola, milomo n'kumatsatira, ndipo chimaima pamene ndewu yafika pokoma.

Intaneti anthu amaitama, ndipo Netflix ili kuno kuyambira 2016. Pa mafilimu atsopano ilibe mnzake. Pa akale ndi yosauka: alipo ochepa, mndandanda wa kuno si wofanana ndi wa ku America, ndipo imene waiona lero ikhoza kuchotsedwa mgwirizano wake ukatha. Onjezani mtengo wa data, ndi magetsi amene akathima netiweki nayonso imafooka. Chimbale chimangofuna kabatire ndi sola, n'kuonera mpaka kumapeto.

Kodi alipo woyenera kugula bokosi? Alipo: amene filimu imodziyo ndi ya pamtima pake, ali ndi makina a 4K ndi TV yaikulu, komanso ali ndi womunyamulira pamanja. Ngakhale iyeyo agule lotuluka ku UK, ndipo auze wogulitsa amutumizire chithunzi cha kuseri kwa bokosi kuti aone yekha chilembo B pa chimbale chilichonse cha Blu-ray wamba. Enafe, achimwene, tidikire miyezi ija kuti ituluke yawamba. Ndalama ya bokosi limodzi imagula mafilimu angapo, ndipo onsewo amaoneka.